Lester Salamon

Lester M. Salamon (1943–2021) anali katswiri wa ku America pa maphunziro a kayendetsedwe ka boma komanso pulofesa pa yunivesite ya Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore. Amadziwika chifukwa cha kafukufuku wake wa mabungwe omwe si aboma, ntchito zachifundo ndiponso ubale wa mabungwewa ndi boma.

Maphunziro ndi ntchito

Salamon anabadwira ku Pittsburgh m'chigawo cha Pennsylvania. Digiri yake yoyamba anaitenga ku Princeton ndipo ya udokotala anaitenga ku Harvard. Anaphunzitsapo ku Vanderbilt ndi ku Duke, kenako pa nthawi ya ulamuliro wa Jimmy Carter anakhala mmodzi mwa akuluakulu a ofesi yoyang'anira bajeti ya dzikolo. Atachoka m'boma anagwira ntchito ku Urban Institute ku Washington asanapite ku Johns Hopkins, komwe anatsogolera Center for Civil Society Studies.

Maganizo ake

Akatswiri ambiri ankaphunzitsa kuti mabungwe osafuna phindu amabuka pomwe boma ndi amalonda alephera. Mu 1987 Salamon analitembenuza ganizoli. Iye anati nthawi zambiri anthu ndiwo amayamba kuthandizana okha, ndipo boma limalowererapo chifukwa ntchito zachifundo nazo zili ndi zofooka zinayi: ndalama sizikwanira, thandizo limakondera magulu ena, opereka ndalama ndiwo amalamula zochita, ndipo ogwira ntchito ambiri alibe luso loyenera. Boma lili ndi misonkho ndi malamulo, pomwe mabungwe ali pafupi ndi anthu, choncho mbali ziwirizi zimadalirana. Mfundozi zili m'buku lake la Partners in Public Service la 1995.

Kuwerenga mabungwe

Pamodzi ndi Helmut Anheier, Salamon anayambitsa kafukufuku woyerekeza mabungwe otere m'mayiko osiyanasiyana, yemwe anafika m'mayiko oposa 40, kuphatikizapo South Africa, Kenya, Tanzania ndi Uganda. Kuti bungwe liwerengedwe linayenera kukhala lokhazikika, losiyana ndi boma, lodzilamulira lokha, losagawira eni ake phindu, komanso loti munthu amalowamo mwa kufuna kwake.

Zotsatira zake zinasonyeza kuti mabungwewa amalemba ntchito anthu miyandamiyanda, ndipo m'mayiko ambiri ndalama zawo zochuluka zimachokera ku malipiro a ntchito zawo ndi ku boma. Zopereka za anthu akufuna kwabwino ndi gawo lochepa chabe. Izi zikutanthauza kuti boma likadula bajeti, zopereka pazokha sizingatseke mpatawo.

Ntchitoyi inathandiza bungwe la United Nations kutulutsa buku la malangizo owerengera mabungwewa m'chuma cha dziko mu 2003. Mu 2011 bungwe la ILO linatulutsanso malangizo oyezera ntchito zongodzipereka, omwe linakonza mogwirizana ndi gulu la Salamon.