Chitaganya cha Pansi pa Nthaka

Mzinda wa Boksburg, umene uli kum'mawa kwa Johannesburg, unakhazikitsidwa m'chaka cha 1887, patangotha chaka chimodzi golide atapezeka m'dera la Witwatersrand. Dzina lake unalitenga kwa W. E. Bok, mlembi wamkulu wa boma la Mabunu la Transvaal. Mu 1893 kunabadwa kampani ya East Rand Proprietary Mines, yomwe anthu ankangoitchula kuti ERPM, ndipo mgodi wake unadzazama kupitirira makilomita 3. Golide wa m'derali anali wochuluka, koma anali womwazikana m'miyala yolimba, kotero kuti phindu la eni migodi linkadalira chinthu chimodzi: manja ambiri ogwira ntchito pa malipiro ochepa. Manja otere sankakwanira m'dzikomo. Ankachokera ku Mozambique, ku Basutoland, ku Bechuanaland ndi ku Nyasaland. Choncho mapangano a zachuma a masiku ano asanalembedwe n'komwe, chuma cha maiko a kum'mwera kwa Africa chinali chitalumikizidwa kale ndi mapazi a amuna oyenda ulendo wa ku Joni.

Bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, la Witwatersrand Native Labour Association, Amalawi analipatsa dzina loti Wenela. Mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kumaiko otentha a kumpoto, chifukwa ambiri ankafa ndi chibayo, ndipo chiletsocho chinadzachotsedwa m'zaka za m'ma 1930. Koma msonkho wa atsamunda sunadikire. Amuna anapitirizabe kupita paokha, ulendo umene unkatchedwa selefu. Mmodzi wa iwo anali mnyamata wa ku Kasungu, Hastings Kamuzu Banda, amene anagwira ntchito pa mgodi wa Witwatersrand Deep, kufupi ndi Boksburg, mpaka pamene ananyamuka kupita kukaphunzira ku America mu 1925. Chichewa chinasunga mbiri ya maulendowa m'mawu ake. Joni, Wenela ndi Theba ndi mawu amene agogo a kumudzi amawadziwa ngakhale sanaonepo mapu, ndipo liwu loti mtchona, munthu wopita osabwerera, limanena mtengo umene mabanja analipira.

Mnyamata wa ku mgodi uja ndi amene anadzatsogolera nkhondo yothetsa mgwirizano wina wa maiko. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba pa 1 Ogasiti 1953, anthu akuda a ku Nyasaland atachikana poyera. Ochikonza ankanena zinthu zomveka ndithu: msika umodzi waukulu, ndalama imodzi, mkuwa wa ku Northern Rhodesia kuthandiza dziko losauka. Ndipo si zonse zimene zinali zabodza, pakuti misewu ina inamangidwa ndipo chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi cha nthawi imeneyo. Koma mafakitale anaunjikana ku Salisbury ndi ku Bulawayo, magetsi anakamangidwa ku Kariba pamene mapulani a mtsinje wa Shire anaikidwa pambali, ndipo ntchito ya Nyasaland inali yotumiza antchito. Mzinda wa Salisbury unapatsidwa dzina lachipongwe loti Bamba Zonke, kutanthauza wotenga zonse, m'chiyankhulo cha ku migodi. Chachikulu kuposa zonsezi chinali chakuti mphamvu zinali m'manja mwa azungu ochepa, ndipo anthu anaopa kuti malamulo a tsankho a kum'mwera awoloka Zambezi. Magazi anakhetsedwa ku Nkhata Bay pa 3 Malichi 1959, ndipo Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963. Mpaka lero liwulo likatchulidwa pa nkhani za ndale limanunkhabe utsi wa nthawi imeneyo.

Chodabwitsa n'chakuti Dr Banda, ataphwanya chitaganya cha pamwamba, anakulitsa chija cha pansi pa nthaka. Mu 1967 Malawi anatsegula ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho la South Africa, ndipo mu 1971 iye mwini anakacheza kumeneko monga mlendo wa boma. Ndalama zomangira likulu latsopano ku Lilongwe ndi njanji yolowera ku Nacala zinachokera komweko. Pofika mu 1973 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Gawo la malipiro awo ankalilandirira kumudzi akabwerera, ndipo boma linkapezerapo ndalama zakunja. M'midzi munaoneka nyumba za malata, njinga za kapalasa, makina osokera ndi ng'ombe zogulidwa ndi thukuta la ku Joni, ndipo ana ambiri anaphunzira ndi ndalama zimenezo. Wonyoza phindu limeneli sanaonepo mudzi umene unalibe kwina kopezera ndalama.

Komabe ubale umenewu unalibe mizu, chifukwa mwamuna wa ku Dedza kapena ku Mzimba ankaloledwa kulowa m'dzikomo monga manja chabe. Ankagona m'komboni ya amuna okhaokha, mkazi ndi ana sankaloledwa kumutsatira, ndipo kontalakiti ikatha ankabwezedwa kwawo, nthawi zina mapapo atadzaza fumbi la miyala. Khomolo linkatsekedwa tsiku lililonse limene akuluakulu afuna. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr Banda analetsa kulemba anthu nthawi yomweyo. Ntchitoyo inayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, koma ndi anthu ochepa. Mu 1988 inatheratu, pa mkangano wofuna kuti Amalawi aziyezedwa kachilombo ka HIV asanalembedwe. Eni migodi anali atapeza manja kwina.

Chaka chomwecho cha 1988 Boksburg anatchuka pa nkhani ina yofanana nayo. Chipani cha Conservative chitapambana masankho a khonsolo, chinabwezeretsa malamulo oletsa anthu akuda kulowa m'malo osangalalira, kuphatikizapo nyanja yaing'ono ya mumzindamo. Anthu a ku Vosloorus ndi ku Reiger Park anayankha poleka kugula m'masitolo a azungu, ndipo eni masitolo analira. Ndalama za munthu wakuda zinkafunika. Mwini wake ndiye sankafunika.

Panthawiyi maiko a m'chigawochi anali atayamba kale kuyesa njira ina. Pa 1 Epulo 1980 maiko 9, Malawi ali momwemo, anakhazikitsa bungwe la SADCC ku Lusaka, ndi cholinga chochepetsa kudalira South Africa. Mu 1992 ku Windhoek bungweli linasanduka SADC, ndipo mu 1994 South Africa yomasuka inalowamo. Kwa dziko lopanda doko ngati Malawi, kufunika kwa mgwirizano wotere sikusowa umboni. Nkhondo ya ku Mozambique itadula njanji za ku Beira ndi ku Nacala m'zaka za m'ma 1980, fodya, tiyi ndi feteleza zinkazungulira mtunda wautali wa ku Durban ndi ku Dar es Salaam, ndipo mtengo wa ulendowo unkagwera mlimi. Nkhondo yomweyo inathamangitsira ku Malawi anthu pafupifupi 1 miliyoni. Moto wa kwa mnansi sufunsa malire, ndipo mutu umodzi susenza denga.

Koma pofika pa funso la anthu, SADC inazengereza. Mu 1995 kunalembedwa chikalata chofuna kuti nzika za maikowa ziziyenda, kukhala ndi kugwira ntchito momasuka m'chigawo chonse. South Africa, Botswana ndi Namibia, maiko olemerako, anachikana. Pangano la malonda linasainidwa ku Maseru mu 1996 ndi kuyamba kugwira ntchito mu 2000, pamene pangano la kayendedwe ka anthu linadikira mpaka 2005, ndipo linabwera litasululidwa kwambiri. Ku Ulaya, pangano la ku Rome la 1957 linaika ufulu wa antchito pamodzi ndi ufulu wa katundu, ndipo pambuyo pake kunakhazikitsidwa thumba lothandiza madera osauka. Kuno katundu anatsogola, munthu n'kutsala pachipata. Masitolo a ku South Africa anatsegula nthambi ku Blantyre ndi ku Lilongwe, pamene zidzukulu za amuna a Wenela zinkakwera basi kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge ndi chilolezo cha mlendo cha masiku 30, chimene sichilola munthu kugwira ntchito.

Zonsezi zinakumana ku Boksburg m'chaka cha 2008. Ziwawa zolimbana ndi anthu obwera zinayambira ku Alexandra pa 11 Meyi, ndipo patangotha sabata zinafika ku Ramaphosa, mudzi wa zisakasa woyandikana ndi Reiger Park, pafupi ndi milu ya mchenga wa ku migodi. Pa 18 Meyi mwamuna wina wa ku Mozambique anatenthedwa wamoyo kumeneko, ndipo chithunzi chake chinazungulira dziko lonse lapansi. Anthu 62 anaphedwa m'dziko lonselo, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali nzika ya South Africa yomwe. M'malo ena munthu ankaimitsidwa n'kufunsidwa dzina la chigongono m'Chizulu, ndipo wolephera kunena kuti indololwane ankayesedwa mlendo. Chiyankhulo chinasanduka pasipoti. Chowawa china n'chakuti kuyambira m'chaka cha 2000 Boksburg ali pansi pa khonsolo ya Ekurhuleni, dzina la Chitsonga lotanthauza malo a mtendere, ndipo Chitsongacho ndi chiyankhulo cha anthu ambiri a kum'mwera kwa Mozambique amene ankathamangitsidwawo. Boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu ake.

Osauka a ku Ramaphosa sanafunsidwepo za mgwirizano wa chigawo, monganso anthu a ku Nyasaland sanamveredwe mu 1953. Iwo anangoona mnzawo wosauka akulimbirana nawo ganyu ndi malo omangapo chisakasa. Zimenezi sizichotsa mlandu wa kupha, koma zimasonyeza kumene katundu wa mgwirizano amakatulidwa pamene atsogoleri apangana za msonkho wa pachipata n'kusiya za anthu.

Patatha miyezi itatu, mu Ogasiti 2008, atsogoleri a SADC anakumana ku Sandton, ulendo wosakwana ola limodzi pagalimoto kuchokera ku Ramaphosa, ndi kukhazikitsa chigawo cha malonda opanda msonkho. Ndondomeko yawo inkati pofika 2010 padzakhala msonkho umodzi wa pamalire, pofika 2015 msika umodzi, ndipo pofika 2018 ndalama imodzi. Zaka zonsezo zinadutsa popanda chimodzi mwa izi kuchitika. Chaka cha 2008 chisanathe, ERPM inaimitsa ntchito ya pansi pa nthaka, ndipo madzi anayamba kudzaza m'makwalala amene amuna a ku Nyasaland, a ku Gaza ndi a ku Basutoland anakumba.