Mtovu wa ku Kabwe ndi Malire Amene Ankangotsika

Mgodi wa Broken Hill, komwe lero timati Kabwe, unayamba ntchito mu 1906 n'kutsekedwa mu 1994. Utsi wa ng'anjo zosungunulira mtovu unkagwera m'makomboni a Kasanda, Makululu ndi Chowa, ndipo fumbi lake likadali m'mabwalo momwe makanda amakwawa n'kumayamwa zala.

Kodi mtovu ufike pati m'magazi kuti tinene kuti munthu ali pangozi? Yankho linkachokera kutali, ku America. Robert Kehoe, dokotala wa kampani ya Ethyl yomwe inkapanga mtovu wothira mu petulo, ankaphunzitsa kuti pansi pa mamaikulogalamu 80 pa desilita imodzi ya magazi palibe chodetsa nkhawa. Anaika malire pomwe matenda amaonekera ndi maso: mtovu umasokoneza kapangidwe ka magazi, munthu amayezuka, m'mimba mumapota, zikafika poipa amakomoka. Kwa iye, wosadandaula anali wamoyo. Chimandiwawa n'chakuti woika malirewo ankadya kwa ogulitsa poizoniyo.

Ana ndiwo anagwetsa chiphunzitsochi. Mu 1979 Herbert Needleman anayeza mano ogweluka a ana asukulu a ku Massachusetts, napeza kuti omwe anali ndi mtovu wambiri ankatsalira m'kalasi, ngakhale kuti pathupi sankaoneka odwala. Ubongo umawonongeka magazi asanasonyeze kuchepa. Bungwe la zaumoyo la ku America la CDC, lomwe mu 1975 linkati 30, linatsitsa malire kufika pa 25 mu 1985, pa 10 mu 1991, pa 5 mu 2012, kenako pa 3.5 mu 2021. Nthawi iliyonse akatsitsa, zinkatanthauza kuti ana omwe dzulo anauzidwa kuti ali bwino anali atavulala kale. Lero bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena mosapita m'mbali kuti palibe mlingo wa mtovu umene ukudziwika kuti ndi wosavulaza.

Nanga Kabwe? Kafukufuku wa John Yabe wa pa University of Zambia ndi anzake, wofalitsidwa mu 2015, anapeza kuti ana onse omwe anawayeza m'makomboni atatu aja anapitirira 5. Ena anadutsa ngakhale 80 wa Kehoe uja. Mankhwala ochotsa mtovu m'magazi alipo, amaperekedwa mwana akafika pa 45, koma akatuluka m'chipatala amabwerera pabwalo lomwelo. Ine ndimati ndalama zipite kaye pa dothi, alifotsere kapena alichotse ndithu.