Wailesi ya ku Sutatenza ndi Munthu Wogwira Choko

Pamene tikumva za makompyuta ndi timakina ta m'manja tikulowa m'makalasi, ambiri a ife timayesa kuti kuphunzitsa ndi makina ndi chinthu cha dzulodzuloli. Komatu nkhaniyi ndi yakale, ndipo Eklezia ali ndi gawo lake m'mbiri yake. Tiyeni tikumbutsane za kamudzi kena ka m'mapiri a dziko la Colombia, ku South America, kotchedwa Sutatenza, kumene wansembe wachinyamata anaika wailesi pamalo pa mphunzitsi amene kunalibe.

Bambo José Joaquín Salcedo anafika ku Sutatenza mu Ogasiti 1947, atangodzozedwa unsembe, ali ndi zaka 25. Anatumizidwa kukathandiza bambo mfumu wa parishiyo. Akhristu amene anawapeza anali alimi okhala patalipatali m'zitunda ndi m'zigwa, ambiri osatha kulemba ngakhale dzina lawo. Sukulu zinali zowerengeka, ndipo munthu wamkulu amene waswera kumunda sakanatsika phiri kuti akakhale pa benchi pamodzi ndi ana. Chisangalalo chimene chinalipo chinali mowa wachimanga wotchedwa chicha.

Bambo Salcedo sanayambe ndi zilembo ayi. Anayamba ndi kuonetsa kanema pabwalo la mudzi, ndipo anthu amene anali asanaonepo zithunzi zoyenda anakhamukirako. Kenaka anawapempha kuti amange nyumba yochitiramo zisudzo, nalonjeza kuti amene adzagwire nawo ntchitoyo mawu ake adzamveka pa wailesi. Kachipangizo koulutsira mawu kanali kakang'ono, kopangidwa pamanja mothandizidwa ndi mbale wawo amene anali wa chipani cha Ajezuiti. Chakumapeto kwa 1947 mawu oyamba anapita m'mlengalenga, ndipo zimene zinamveka zinali nyimbo za alimi a pomwepo. Mawailesi omvera analipo atatu okha.

Apa tione nzeru yake. Mlimi amene dziko linali litamuiwala anamva mawu a mnansi wake akutuluka m'kabokosi. Chimene chinamukoka poyamba chinali kudabwa ndi kabokosiko, koma chimene chinamubweretsanso mawa lake chinali chakuti kabokosiko kankamudziwa. Kudabwa kokha sikukhalitsa; tonse tinaonapo mwana akutaya chidole chimene anachilirira dzulo.

Nanga sukulu yake inkayenda bwanji? Inalibe nyumba yakeyake. Anthu ochepa, ana ndi akulu omwe, ankasonkhana pakhomo pa mmodzi wa iwo m'mawa asanapite kumunda kapena madzulo ataweruka. Zipangizo zinali wailesi ya mabatire, wotchi, bolodi, choko ndi mabuku. Belu lake nthawi zambiri linali chidutswa cha njanji chopachika, chimene sichingatidabwitse ife amene tinaitanidwa m'kalasi ndi chitsulo cha gudumu chomangirira pamtengo. Mphunzitsi wa pa wailesi ankalankhula pang'onopang'ono, nkuyamba wadikira kuti ophunzira achite zimene wanena.

Koma mphunzitsiyo anali wosaona. Sakanadziwa kuti gogo uja wagwira pensulo ngati mpini wa khasu, kapena kuti mnyamata wina watsegula tsamba lolakwika. Nchifukwa chake sukulu iliyonse inali ndi mthandizi, munthu wa m'mudzi momwemo amene ankadziwako kuwerenga pang'ono, ndipo ankagwira ntchitoyi popanda malipiro. Wa pa wailesi akati chilembo chilembedwe pa bolodi, wolemba anali iyeyu. Ndiye ankaliza belu, kutsegula wailesi pa nthawi yake, kuyang'ana m'makope, kulondola amene wajomba ndi kutumiza malipoti ku parishi. Wailesi inamupeputsira zimene sakanatha, monga kukonza phunziro ndi kudziwa choyamba ndi chotsatira, ndipo inamusiyira zimene makina sangathe. Ife tikuganiza kuti mbiri imamuchitira chinyengo munthu ameneyu, pakuti mabuku ambiri amatchula mphamvu za zoulutsira mawu, koma iye amangomudutsa.

Bungwe limene linakhazikitsidwa kuti liyendetse ntchitoyi, Acción Cultural Popular, kapena ACPO mwachidule, linazindikira zimenezi msanga. Mu 1954 linatsegula sukulu yosulira atsogoleri aamuna a kumidzi ku Sutatenza komweko, ndipo mu 1956 linatsegula ya akazi. Ndalama sizinathere pa zitsulo zokha.

Kuno kwathu njira yomweyi tinaiona pa pulogalamu ya Tikwere, imene inkamveka pa wailesi ya MBC m'makalasi oyambirira a pulayimale, kumene mawu a pa wailesi ankauza mphunzitsi ndi ana chochita, iwo nkumayankha, kuimba ndi kuwerenga. Tinaonanso mbali inayo mu 2020, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19. Maphunziro anaulutsidwa ndithu, koma mwana anali kunyumba, ndipo kumene kunalibe wamkulu womukhalira pafupi, wailesi inkalankhula yokha.

Tibwerere ku Colombia. Ntchito inakula m'nthawi yoipa, pakuti mu Epulo 1948 mtsogoleri wandale Jorge Eliécer Gaitán anaphedwa ku Bogotá, ndipo kuphana kunafalikira m'midzi kwa zaka zambiri. Ngakhale zinali choncho, sukulu za pa wailesi zinafika m'zigawo zambiri za dzikolo. Bungwe la UNESCO linathandiza. Panasindikizidwa timabuku tisanu: ta kuwerenga, masamu, umoyo, ulimi ndi chuma, ndiponso moyo wauzimu. Mu 1958 kunabadwa nyuzi ya alimi ya mlungu ndi mlungu, El Campesino, pakuti wophunzira kuwerenga akasowa chowerenga amaiwala. Maepiskopi a ku Brazil anayambitsa ntchito yofanana nayo mu 1961, ndipo Ambuye Leonidas Proaño anachita chimodzimodzi ku Ecuador mu 1962. Mu Ogasiti 1968 Apapa Paulo VI, paulendo wawo wa ku Colombia, anakumana ndi chikhamu cha alimi ku Mosquera, pafupi ndi Bogotá, nadalitsa zoulutsira mawu zatsopano za Radio Sutatenza.

Tisayese kuti onse ankaombera m'manja. Bambo Camilo Torres, wansembe wodziwa za chikhalidwe cha anthu, anafufuza sukuluzi pamodzi ndi Berta Corredor, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1961. Iwo anavomereza kuti miyoyo ya m'mabanja ikusintha, koma anadandaula kuti muzu wa umphawi sukukhudzidwa. Funso lawo linali lolemera: mungamuphunzitse munthu kuthira manyowa, koma nanga ngati munda suli wake? Bambo Torres pambuyo pake analowa gulu la zigawenga, naphedwa mu 1966, njira imene sitingaiyamikire. Koma funso lija silinafe nawo. Chinanso, ambiri mwa mawailesi a ACPO anapangidwa kuti azigwira siteshoni imodzi yokha. Ena amati kunali kusunga mabatire kuti asathere pa nyimbo. Ife tikuona kuti munali kusamukhulupirira mlimi, amene kabokosiko anakagula ndi thukuta lake.

Nthawi inapita, zinthu zinasintha. Mawailesi ang'onoang'ono otchipa anachuluka, masiteshoni amalonda anadza ndi mipira ndi masewero, anthu anasamukira m'mizinda. ACPO inasemphana ndi ena mwa akuluakulu a Eklezia pa zimene inkaphunzitsa zokhudza kubereka mwanzeru, thandizo linachepa, ngongole zinakwera. Mu 1989 zoulutsira mawu zinagulitsidwa ku kampani ya Caracol. Bambo Salcedo anamwalira ku Miami mu 1994.

Zolembedwa za bungweli zinakasungidwa ku laibulale ya Luis Ángel Arango ku Bogotá. Pakati pa matepi, zithunzi ndi timabuku pali makalata ochokera kumidzi, pakuti pa zaka zonsezo ACPO inayankha makalata opitirira miliyoni imodzi. Ena analembedwa ndi athandizi aja, kufotokoza za ophunzira awo ndi zosowa za sukulu zawo. Ena ndi alimi eni ake, m'zilembo zokhotakhota, kuuza mphunzitsi amene sanamuonepo nkhope kuti kalatayo ailemba okha.