Mawu a m'makaundula a Angerezi omwe adakhazikika ku Albany mu 1820

Wofufuza mbiri ya mabanja a ku Britain, ambiri mwa iwo Angerezi, omwe adatsika pa zombo ku Algoa Bay m'chaka cha 1820, amadalira makaundula a boma la atsamunda, ndipo mawu a m'makaundulawo amaonetsa zolinga za bomalo kuposa moyo wa anthu pafupifupi 4,000 omwe adalembedwamo. Liwu lofunika kulimvetsa poyamba ndi "frontier", lomwe silitanthauza malire olembedwa pa mapu, koma chigawo chomwe ulamuliro wa atsamunda udali usanazike mizu ndipo eni nthaka ankachilimbirabe. Kum'mawa kwa Cape Colony chigawocho chidali kufupi ndi mtsinje wa Great Fish, ndipo chidaoneka chopanda anthu kokha chifukwa asilikali a John Graham adali atapitikitsa Axhosa mu 1811 ndi 1812. Makhanda, mtsogoleri wa Axhosa, ataukira tauni ya Grahamstown mu 1819, nyumba ya malamulo ku London idavomereza mapaundi 50,000 otumizira mabanja kumeneko, kotero kuti amene adalembedwa ngati alimi adali, m'maganizo a bwanamkubwa Charles Somerset, mpanda wa anthu wotchinga malire.

Liwu la "party", lomwe limapezeka pafupi ndi dzina la banja lililonse, silikhudza chipani cha ndale, koma gulu la amuna osachepera khumi pamodzi ndi mabanja awo, lokhala ndi mtsogoleri amene ankalemberana ndi boma n'kupereka chikole cha mapaundi 10 pa banja, ndipo mwamuna wamkulu aliyense ankawerengeredwa maekala 100. Magulu adalipo pafupifupi 60, koma sadali ofanana. M'magulu ena munthu wachuma ankalipira chikole chonse n'kutenga antchito omangidwa ndi pangano la zaka zingapo, malo onse n'kukhala ake, pomwe m'magulu ena, monga la Hezekiah Sephton lomwe lidamanga mudzi wa Salem pamodzi ndi mbusa wa mpingo wa Methodist William Shaw, anthu ankasonkherana ndalama n'kugawana malowo. Mdzukulu amene wapeza dzina la kholo lake pa mndandanda sangadziwe ngati khololo lidali mwini munda kapena wantchito asanadziwe mtundu wa gulu lomwe lidalimo.

Ngakhale dzinalo limafuna kusamala, pakuti ena atabwerera m'mbuyo zombo zisananyamuke, malo awo adatengedwa ndi anthu omwe adayenda pa maina a osiyawo, ndipo n'chifukwa chake ofufuza amayerekeza mndandanda wa m'chombo ndi mabuku a ubatizo ndi a ukwati a m'matchalitchi a ku England. Nawo mawu akuti mlimi amasocheretsa, popeza ambiri adali amisiri a m'matauni, monga osoka nsapato ndi akalipentala, omwe adali asanagwirepo pulawo.

Nthaka ya ku Albany yomwe mabanjawa adapatsidwa inkatchedwa Zuurveld, dzina lachidatchi lotanthauza msipu wowawasa, ndiye kuti udzu womwe umasiya kukhutitsa ziweto ukakhwima, ndipo maekala 100 m'dera lotero adali ochepa kwambiri poweta ng'ombe. Tirigu adagwidwa ndi nthenda ya dzimbiri zaka zitatu zotsatizana, madzi osefukira a 1823 adakokolola nyumba zamatope ndi minda, ndipo mabanja ambiri adasiya khasu n'kulowera ku Grahamstown kukachita umisiri ndi malonda; otsala adadzapeza phindu pambuyo pake poweta nkhosa za ubweya za mtundu wa merino. Msonkho wa pachaka wa malo otere unkatchedwa "quitrent", ndipo boma lidalonjeza kusautolera pa zaka khumi zoyambirira.

Malo omwe gulu lililonse lidatsitsidwapo ndi ngolo za ng'ombe ankatchedwa "location", ndiye kuti chigawo chomwe boma lapima n'kuikapo anthu osachisankha okha. Liwu lomweli lidadzagwiritsidwa ntchito ponena za madera omwe anthu akuda ankakakamizidwa kukhalamo m'mphepete mwa matauni a azungu, ndipo lidafika m'Chichewa ngati lokeshoni, pomwe m'makalata a ku Albany a zaka za m'ma 1820 limanena za minda ya Angerezi ya kufupi ndi tauni ya Bathurst.