Mtima wa mphunzitsi wa ntchito zamanja, kuchokera ku Khondowe mpaka lero

Mmishonale Robert Laws atatsegula sukulu ya Overtoun ku Khondowe mu 1894, wophunzitsa ukalipentala, zomangamanga kapena zosindikiza mabuku anali mmisiri amene ankagwira yekha ntchitoyo. Ophunzira ankaphunzira pomanga nyumba zenizeni za mishoni, ndipo zina mwa nyumbazo zilipobe. Mphunzitsi ankaona khoma la anyamata ake likukwera tsiku ndi tsiku, choncho panalibe chomukakamizira kuti aikepo mtima.

Boma linalowamo mochedwa. Sukulu ya Soche inatsegulidwa mu 1956, ya Lilongwe mu 1963, ndipo mmisiri uja anasanduka wogwira ntchito m'boma, wa giredi ndi malipiro a pamwezi. Chitetezo anachipeza, koma ulemu unayamba kuchepa. Makolo ankafuna mwana wa tayi muofesi, osati wa ovolosi, moti wophunzitsa za ovolosi naye ankaonedwa ngati wotsalira. Masukuluwa akhalanso akusinthidwa pakati pa unduna wa zamaphunziro ndi wa zantchito, ngati mwana wamasiye woleredwa m'makomo.

Mu 1999 kunabwera bungwe la TEVETA, pamodzi ndi msonkho umene olemba ntchito amapereka kuti uthandize maphunzirowa. Mu 2015 boma la Peter Mutharika linayamba kutsegula makoleji a m'madera, kuyambira ku Ngara m'boma la Karonga. Nyumba zachuluka, ophunzira achuluka, atsikana nawonso alowa m'zowotcherera ndi zamagetsi. Koma nkhani ya mphunzitsi sitinaikambe mokwanira.

Lowani mu wekishopu m'mawa. Anyamata aunjikana pa makina amodzi owotcherera, ndodo zowotcherera zatha, magetsi azima. Mphunzitsi wa umakaniko akufotokoza pa bolodi za galimoto yoyendera kompyuta, pamene pansi pali injini yakalekale. Munthu wophunzitsa luso ndi choko chokha amatopa mtima msanga, ndipo maso ake amakhala ku ganyu ya Loweruka kapena ku kampani imene ingamulipire bwino. Ndani angamudzudzule? Iye amasiyana ndi mphunzitsi wa mbiri yakale, chifukwa luso lake lili ndi msika kunja kwa mpanda.

Amene atsalabe m'makolejiwa sanasowe kopita, anachita kusankha. Akuluakulu a unduna ndi a TEVETA, musanadule riboni ya koleji ina, atumizeni aphunzitsiwa kumafakitale akaone makina atsopano, muwakweze pa nthawi yake, ndipo muwagulire zipangizo.