Mbiri ya Maphunziro a za Africa ndi Mtengo wa Digiri Yake

Pakati pa maphunziro a m'sukulu zaukachenjede pali mtundu wina umene sulondola nthambi imodzi ya nzeru monga masamu kapena zamankhwala, koma usankha chigawo chimodzi cha dziko lapansi, nusanthula zonse za anthu okhala m'menemo: zinenero zao, mbiri yao, miyambo, malamulo ndi chuma chao. Ena aphunzira za China, ena za maiko a Aluya, ena za Africa. Nkhani ino ilondola chigawo cha Africa, ndipo funso lake ndi ili: ndani adali nazo ndalama zolowera pa khomo la maphunziro amenewa, nanga mtengo wake udatsika bwanji kufikira mphunzitsi wamba adakhoza kuulaka?

Chiyambi chake ku Ulaya

Maphunzirowa adayamba chifukwa maboma a ku Ulaya adasowa antchito odziwa kulankhula ndi anthu amene adali kuwalamulira. Ku Berlin adatsegula sukulu ya zinenero za kum'mawa mu 1887, ndipo Chiswahili chidali kuphunzitsidwa m'menemo. Ku Hamburg adamanga sukulu ya za maiko olamulidwa mu 1908, kumene Carl Meinhof adasanthula zinenero za mtundu wa Bantu. Ku London, School of Oriental Studies idalandira ophunzira ake oyamba mu 1917, ndipo mmodzi wa aphunzitsi ake adali mai Alice Werner, amene adakhalapo ku Blantyre naphunzira Chinyanja. Dzina la Africa lidaonjezedwa pa dzina la sukuluyo mu 1938.

Ambiri olowa m'sukulu zimenezi adali akulu a boma, asilikali, amishoni ndi amalonda, otumidwa ndi eni ntchito zao. Mphunzitsi wa ku Nyasaland, wolandira masheleni owerengeka pa mwezi, sadakhoze kulipira ngakhale ulendo wa pa sitima ya pamadzi, osanena za fizi, chakudya ndi pogona ku London. Chomwecho chinenero chake chidali kuphunzitsidwa m'nyumba imene mwini wake sadathe kulowamo.

Eni zinenero ndi eni madigiri

Pa sukulu yaukachenjede ya ku Chicago padali Mark Hanna Watkins, munthu wakuda wa ku America, amene adafuna kulemba galamala ya chinenero china cha mu Africa. Adakomana ndi wophunzira wochokera ku Kasungu, dzina lake Hastings Kamuzu Banda, amene adafika ku America mu 1925 atagwirako ntchito ku migodi ya ku South Africa, nathandizidwa pa sukulu ndi mpingo wa African Methodist Episcopal pamodzi ndi anthu ena achifundo. Banda adatchula mau ndi ziganizo, Watkins nalemba ndi kusanthula. Watkins adalandira digiri yaudokotala mu 1933, ndipo buku lake, A Grammar of Chichewa, lidasindikizidwa mu 1937. Umu ndimo ntchito idali kuyendera masiku amenewo: mwini chinenero adali kasupe wotungapo, koma digiri ya chinenerocho idali kupita kwa wotunga.

Nthawi yomweyo ku Nkhoma kudali mphunzitsi Samuel Josia Ntara, wopanda digiri iliyonse. Bungwe la International Institute of African Languages and Cultures, lokhazikitsidwa ku London mu 1926, lidali kuchititsa mipikisano ya mabuku olembedwa m'zinenero za mu Africa. Buku la Ntara lotchedwa Nthondo lidapata mphotho mu 1933, ndipo Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi chaka chotsatira. Luso lidalipo ndithu. Chosowa chidali njira yotsika mtengo yofikira pa digiri. Njira zotere zidatseguka zitatu.

Njira yoyamba: kuphunzira uli kwanu

Mu 1858 University of London idalola kuti munthu alembe mayeso ake a digiri ngakhale sadakhale m'makoleji ake. University of South Africa nayonso idali kuyesa anthu odziwerengera okha, ndipo mu 1946 idayamba kuwaphunzitsa pa makalata. Kutsika mtengo kwa njirayi nkoonekeratu: palibe ulendo wa pa nyanja, palibe lendi ya m'mzinda, ndipo malipiro a pa mwezi saima. Wophunzira alipira mayeso, mabuku ndi masitampa basi. Koma zowawa zake nzambiri, pakuti palibe nyumba ya mabuku pafupi, palibe mphunzitsi womufunsa, ndipo nthawi yowerenga ndiyo ija ena apumula.

Chitsanzo chake chomveka ndi Benedict Wallet Vilakazi, Mzulu wobadwira ku Groutville mu 1906. Iye adaphunzira zauphunzitsi ku Mariannhill, ndipo ali pa ntchito yophunzitsa ana adadziwerengera yekha kufikira adalandira digiri ya University of South Africa mu 1934. Posakhalitsa adaitanidwa ku University of the Witwatersrand ku Johannesburg kukagwira ntchito ndi Clement Doke, katswiri wa zinenero za Bantu, ngakhale poyamba adam'patsa dzina la mthandizi chabe. Mu 1946 adalandira digiri yaudokotala pa kusanthula kwake kwa ndakatulo ndi nthano za Anguni, zapakamwa ndi zolembedwa zomwe. Adamwalira mu 1947 ali ndi zaka 41, ndipo dikishonale ya Chizulu ndi Chingerezi imene adalemba ndi Doke idatuluka mu 1948. Mwa iye kasupe ndi wotunga adakhala munthu mmodzi.

Njira yachiwiri: thumba la boma

Nkhondo yaikulu yachiwiri idaonetsa boma la Britain kuti lidali ndi anthu ochepa odziwa zinenero za kutali. Lipoti la Scarbrough la mu 1947 lidapempha ndalama zolembera aphunzitsi ndi zothandizira ophunzira, ndipo lipoti la Hayter la mu 1961 lidafalitsa maphunzirowa kunja kwa London, kotero kuti malo ophunzirira za Africa adatsegulidwa ku Edinburgh mu 1962 ndi ku Birmingham mu 1963. Ku America, Melville Herskovits adayambitsa maphunziro a za Africa pa Northwestern University mu 1948. Dziko la Soviet Union litaponya chombo cha Sputnik m'mlengalenga mu 1957, Aamereka adachita mantha kuti atsala m'mbuyo, nakhazikitsa lamulo la mu 1958 lopereka ndalama ku malo ophunzitsa zinenero ndi zigawo za dziko lapansi.

Ndalama zimenezi zidalondola zosowa za wopereka, ndipo zambiri zidapita kwa nzika za maiko omwewo. Chimene chidafika kwa ana a mu Africa makamaka ndi chithandizo cha Commonwealth, chopanganidwa ku Oxford mu 1959. Koma malo ake adali owerengeka, olimbirana ndi maiko ambiri.

Njira yachitatu: sukulu kubwera pafupi

Makoleji aukachenjede adatsegulidwa ku Ibadan ndi ku Gold Coast mu 1948. Makerere idakwezedwa mu 1949, ndipo koleji ya ku Salisbury idayamba kuphunzitsa mu 1957. Onsewa adali kupereka madigiri a London, koma mafunso a mayeso adayamba kulola za kwao. Kenneth Dike wa ku Nigeria adaonetsa ku Ibadan kuti mbiri ya Africa ikhoza kulembedwa poyang'anira mbali ya eni dziko. Ku Ghana adakhazikitsa Institute of African Studies mu 1961, Kwame Nkrumah naitsegula mwamwambo mu 1963, ndipo wophunzira aliyense wa digiri yoyamba pa sukuluyo adayenera kuphunzirako za Africa.

University of Malawi idakhazikitsidwa mu 1964, niyamba kuphunzitsa mu 1965. Chichewa chidasankhidwa kukhala chinenero cha fuko mu 1968, bungwe la Chichewa Board lidabadwa mu 1972, ndipo mu 1996 ntchito yake idasiyidwa m'manja mwa Centre for Language Studies ku Zomba, yosanthula zinenero zonse za m'dzikomo. M'zaka zoyamba za ufulu maboma ambiri a mu Africa adasenza pafupifupi mtolo wonse wa fizi, chakudya ndi pogona. Mwana wa mlimi adakhoza kulandira digiri bambo wake osagulitsa ng'ombe; chovuta chidali kupeza malo, pakuti adali ochepa.

Mtengo ukweranso

Zabwinozi sizidakhalitse. Mu 1967 Britain idaika fizi ya mlendo pa mapaundi 250 pa chaka pamene nzika idali kulipira mapaundi 70, ndipo kuyambira mu 1980 mlendo adauzidwa kulipira mtengo wonse wa maphunziro ake. Nzika za ku England nazonso zidayamba kulipira mapaundi 1,000 mu 1998, ndipo pofika mu 2012 malire adakwera kufika pa mapaundi 9,000. Mu Africa ngongole za m'zaka za m'ma 1980 zidafinya maboma, ndipo World Bank idawalangiza kuti wophunzira wa ukachenjede azisenzako gawo la mtengo. Pamenepo zinenero ndi mbiri zidapwetekeka koposa, chifukwa wophunzira wa ndalama zokongola asankha phunziro limene aganiza kuti lidzam'bwezera ngongoleyo msanga.

Mwa njira zitatu zija, ya thumba la boma itseguka ndi kutsekeka monga mwa zofuna za olamulira, koma ya kuphunzira uli kwanu idapirira, ndipo lero makalata ake ayenda pa intaneti. Ndiyo iyenera mphunzitsi wa pulayimale, amene sangasiye kalasi ndi banja zaka zinai.

Pali chinanso chimene mbiriyi iphunzitsa. Wophunzira wa ku Chicago kapena ku London ataya ndalama zambiri kuti afike pa mudzi, aphunzire chinenero, ndi kuti akulu a pamudzipo am'khulupirire. Mphunzitsi wa pamudzi ali nazo kale zitatu zonsezi. Ntara adalemba Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940 pofunsa nkhalamba ndi mafumu, ndipo bukulo lidamasuliridwa m'Chingerezi mu 1973 kuti akatswiri a maiko akutali aliwerenge. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Mphunzitsi amene asunga kope lolembamo miyambi, maina a malo, mibadwo ya mafumu ndi mau osowa m'dikishonale, natchula tsiku ndi mudzi kumene adazimva, wayamba kale gawo la maphunzirowa limene ena aligula ndi mapaundi zikwi zambiri. Ndipo nkhalamba zodziwa zimenezi sizidzadikira kuti iye ayambe wapeza fizi.