Alvin Ailey ndi Gule Amene Sadafe ndi Mwiniwake

Mlembi akamwalira amasiya mabuku, mmisiri wosema amasiya ziboliboli. Koma chuma cha wovina chili m'thupi mwake, ndipo thupilo likalowa m'manda gule naye amakwiriridwa pomwepo. Vuto limeneli adalizindikira msanga Alvin Ailey, katswiri wopeka magule wa ku America.

Ailey adabadwa pa 5 Januwale 1931 ku Rogers, m'chigawo cha Texas, masiku amene anthu akuda ankasalidwa kwambiri. Bambo ake adachoka pakhomo iye ali khanda, kotero kuti mayi ake adamlera okha ndi ganyu wothyola thonje ndiponso wogwira ntchito m'nyumba za azungu. Zimene mwanayo adaona m'tchalitchi cha Baptist, monga mdipiti wa anthu ovala zoyera opita kukabatizidwa, zidakhazikika mumtima mwake.

Mu 1942 adatsatira mayi ake ku Los Angeles. Kumeneko mnzake wa kusukulu, Carmen de Lavallade, adamtengera kwa Lester Horton, mphunzitsi wa magule amakono amene ankalandira ophunzira osayang'ana khungu. Horton atamwalira mwadzidzidzi mu 1953, Ailey, ali ndi zaka 22 zokha, adatsogolera gululo ndi kuyamba kupeka magule akeake. Chaka chotsatira adasamukira ku New York.

Pa 30 Malichi 1958 iye ndi ovina akuda owerengeka adaonekera koyamba m'holo ya pa 92nd Street, ndipo ichi chidali chiyambi cha gulu la Alvin Ailey American Dance Theater. Mu 1960 adatulutsa gule wake wotchuka koposa, Revelations, wovinidwa potsata nyimbo zauzimu zochokera m'nthawi ya ukapolo. Guleyu ali m'zigawo zitatu. Choyamba ndi cha chisoni: ovina amaunjikana pamodzi mitu itazolika, manja atatambasuka ngati mapiko a mbalame yofuna kuuluka. Chachiwiri ndi cha ubatizo: mayi wina anyamula ambulera yoyera, ndipo nsalu zazitali zogwedezedwa zisanduka mtsinje. Chachitatu ndi cha chimwemwe: amayi ovala zachikasu, mipando ndi zokupizira mphepo zili m'manja, asonkhana m'tchalitchi dzuwa likuswa mtengo.

Mbiri idawanda, ndipo mu 1966 gululi lidakavina ku Dakar, m'dziko la Senegal, pa chikondwerero cha luso la anthu akuda. Komabe kutchuka sikudadze ndi ndalama. Mu 1970 Ailey adalengeza kuti gululo litha chifukwa cha umphawi, ndipo chidalipulumutsa ndi ulendo wa ku Africa ndi ku Soviet Union umene boma la America lidalipirira.

Nzeru yake yaikulu idali yakuti mutu umodzi susenza denga. Magulu ambiri a nthawi imeneyo ankavina magule a mwini gulu yekha, koma Ailey, ngakhale adapeka magule 79, adasandutsa gulu lake nkhokwe ya luso la ena. Adaukitsa magule a Katherine Dunham, Pearl Primus ndi Talley Beatty, kuti ntchito za akatswiri akudawa zisaiwalike. Mu 1969 adatsegula sukulu yosula achinyamata, ndipo mu 1971 adapekera Judith Jamison gule wovina yekha wotchedwa Cry, monga mphatso ya tsiku lobadwa la mayi ake.

Ailey adamwalira pa 1 Disembala 1989 ndi matenda odza ndi Edzi, ali ndi zaka 58. Pofuna kuteteza mayi ake ku chitonzo cha masiku amenewo, adapempha dokotala kuti alengeze kuti adali matenda a m'magazi. Jamison adalowa m'malo mwake natsogolera gululo mpaka 2011. Lero Revelations akuvinidwabe ndi anyamata ndi atsikana amene adabadwa mwiniwake atagona kale.